Za Eni Matimu a Papepala a ku America

Anzanga ambiri pano pa sukulu awadziwa masewera aja a pa lamya, amene munthu asankha osewera mpira 15 a mu Premier League ya ku England, nawacha timu yace, ndipo Lolemba m'mawa abwera m'kalasi alikudzitama monga ngati zigolizo anamwetsa ndi iyeyo. Koma ndikhulupirira kuti ndi owerengeka okha amene adziwa kuti ku America anthu akhala alikucita zotere ndi mpira wao wa baseball kwa zaka zoposa 40, ndi kuti kumeneko nthendayi inazika mizu ndithu. Iwo awacha masewerawa fantasy baseball. Ine osewerawo ndiwacha eni matimu a papepala, pakuti alibe bwalo, alibe wosewera ndi mmodzi yemwe amene amlipira, koma ali nalo dzina la timu ndi mndandanda wa maina. Masewerawa ine ndiwakonda, ndipo sindinadze kudzawanyoza iai. Mlandu wanga uli pa makhalidwe a eniwo pamene amva mbiri yakuti uje wavulala, kapena kuti uje amcotsa pa nchito yace. Pamenepo ndiona kuti ambiri ataya nzeru, ndipo ena ataya ndi umunthu womwe.

Poyamba ndifotokoze pang'ono za mpirawo, kuti amene sanauone asasokere. Mbali imodzi iika anthu 9 pa bwalo. Mmodzi wa iwo aponya kampira kolimba, ndipo wa mbali inayo ayesa kukamenya ndi cibonga. Akakamenya athamanga kuzungulira malo anai, ndipo akabwerera pamene anayambira ndiye kuti mbali yace yapata run imodzi, imene ife tinene kuti cigoli. Masewera amodzi ali ndi zigawo 9. Matimu akuru a Major League Baseball alipo 30, ndipo iri yonse isewera masewera 162 pa caka, kuyambira kumapeto kwa March kufikira kumapeto kwa September, ndiko kunena kuti pafupifupi tsiku ndi tsiku. Woponya woyamba masiku ano atha zigawo 5 kapena 6, ndipo akatopa manijala aitana wina kucokera ku kampanda ka m'mbali mwa bwalo, kumene oponya othandiza akhala alikudikira. Kampandako dzina lace ndi bullpen, mau amene m'cinenero cathu tingati khola la nkhunzi. M'kholamo kawirikawiri mukhala amuna 8, ndipo mwa onsewo alipo mmodzi amene asungidwa kuti adzaponye cigawo cotsiriza timu ikakhala patsogolo. Ameneyu ndiye closer, wotseka citseko, ndipo nkhani yanga yaikuru iri pa iyeyu.

Masewera a papepala monga afalira lero anayamba mu 1980 mu mzinda wa New York. Mlembi wina dzina lace Daniel Okrent anapangana ndi anzace, ndipo popeza anali kukomana m'nyumba yodyeramo yochedwa La Rotisserie Française, gulu lao analicha Rotisserie League. Ali yense anali ndi ndalama zogulira osewera pa msika wopikisana mitengo, ndipo anali kuwerenga zinthu 8 zimene osewerawo acita pa bwalo leni leni, 4 za omenya ndi 4 za oponya. Wopambana pa kutha kwa caka anali kumthira pamutu cakumwa ca cokoleti cochedwa Yoo-hoo. Anali masewera a mabwenzi, ndipo ziwerengero anali kuzitola m'nyuzi ndi pensulo. Koma mwa zinthu 8 zija munali cimodzi cimene cautsa phokoso kufikira lero lino, ndico save.

Save ndi mphoto imene alembera woponya amene atsiriza masewera timu yace nipambana. Lamulo lace liri ndi mbali zingapo, koma imene icitika kawirikawiri ndi iyi: alowe timu iri patsogolo ndi zigoli zosapitirira 3, aponye cigawo cathunthu, ndipo asalole adani kuwapeza. Amene anaganiza za ciwerengeroci ndi mtolankhani wa ku Chicago, Jerome Holtzman. Iye anaona kuti mu 1959 Roy Face wa ku Pittsburgh anachuka cifukwa ca kupambana masewera 18 ndi kugonja kamodzi kokha, cikhalireco kangapo konse anayamba walola adani kubweza zigoli, anzace omenya namuombola pambuyo pace. Akuru a mpira anailandira save m'mabuku ao mu 1969. Holtzman anafuna kuyesa nchito ya oponya othandiza mwa cilungamo, koma cimene cinatsata ndi cakuti mamanijala anayamba kugawa nchito potsata muyesowo, monga wophunzira amene aleka kuwerenga buku lonse nangoloweza mafunso a mayeso a caka catha.

Tsono taonani masamu ace. Ngakhale matimu onse 30 akadakhala ndi wotseka mmodzi wodziwika, otseka akadakhala 30 okha. Gulu la papepala kawirikawiri likhala ndi eni 12, cotero ali yense gawo lace ndi otseka awiri ndi theka, ndipo munthu sadulidwa pakati. Home run angaimenye wosewera ali yense amene ali ndi mphamvu, koma save siipezeka ndi luso lokha. Mwai wace upereka ndi manijala kwa munthu amene iye wamsankha. Woponya wa cigawo ca 8 angakhale waluso kuposa wa cigawo ca 9, koma pa ciwerengero cimeneci sapindula kanthu. Cifukwa cace mwini timu wa papepala sayang'ana kwambiri m'mene munthu aponyera. Maso ace ali pakamwa pa manijala, ndi pa citseko ca cipatala.

Pa 15 March 2023, mu mzinda wa Miami, Puerto Rico inagonjetsa Dominican Republic 5 kwa 2 pa mpikisano wa maiko wa World Baseball Classic. Amene anatseka anali Edwin Díaz, pa nthawiyo wosewera wa New York Mets, amene miyezi yowerengeka m'mbuyomo anali atalemba pangano la zaka 5 la madola 102 miliyoni. Mu 2022 anali atagwetsa omenya 118 m'zigawo 62, ndipo eni a papepala ambiri anali atamgula kale pa mtengo wokwera. Masewera atatha anzace anamzinga alikulumpha ndi cimwemwe, ndipo pomwepo Díaz anagwa pansi, mtsempha wa bondo la kumanja utaduka. Anamturutsa pa njinga ya odwala, mphwace Alexis alikulira misozi pamaso pa khamu lonse. Caka conse ca 2023 sanaponye.

Nanga eni matimu a papepala anatani? Usiku womwewo, madotolo asananene kanthu, funso linali litayamba kale kuzungulira lakuti citseko ca Mets atseka ndani. Amene anali ndi Díaz anadandaula kuti cuma cao calowa m'madzi, ena nakwiyira mpikisano wa maikowo, monga ngati kusewerera dziko la makolo ako ndi kuba. Amene analibe Díaz anathamangira David Robertson. Sindinena kuti kufunsa funsolo ndi kulakwa, pakuti manijala wa Mets nayenso analifunsa. Koma manijala anali ndi timu yeni yeni yakuti aiyendetse, ndipo Díaz anali kumdziwa maso ndi maso. Wa papepala amene ayamba kuwerenga phindu munthu ali cigonere pa udzu afanana ndi wacibale amene afunsa za njinga ya wodwala, mwini wace akali kubuula pa mphasa. Alipo enanso amene agula dala waciwiri wa m'khola namsunga miyezi, alikudikira kuti wamkuru agwe, monga fisi amene atsata ng'ombe yotsimphina.

Ndipo liwiro limeneli kawirikawiri silipindula monga aganizira. Robertson anatsekadi bwino kwa miyezi inai, koma kumapeto kwa July Mets inamtumiza ku Miami Marlins posinthana ndi anyamata awiri, ndipo kumeneko August asanathe anamcotsa pa nchito naipatsa Tanner Scott. Robertson yemweyu anali ataziona kale zotere. Pa 3 May 2012 Mariano Rivera wa New York Yankees anaduka mtsempha wa bondo ku Kansas City, masewera asanayambe n'komwe, pothamangira mipira ya m'mwamba monga anali kucitira zaka zonse pokonzekera. Nchito anaipatsa Robertson, ndipo onse anamthamangira. Asanathe masabata awiri Robertson anapweteka m'nthiti, nchito nigwera Rafael Soriano, amene anatha caka ali ndi ma save 42. M'magulu ambiri mwini ali yense apatsidwa ndalama za papepala, madola 100 kapena 1,000, zakuti agulire osewera otsala pa caka conse. Amene anatsanulira thumba lace pa dzina loyamba anangoyang'ana mnzace wodekha alikukolola. Rivera anabwerera mu 2013, napuma ali ndi ma save 652, ciwerengero cimene palibe wina wacifika.

Kapena tengani za Yankees omwewo mu 2025. Anayamba caka ndi Devin Williams, amene anamtenga ku Milwaukee. April asanathe anamcotsa naika Luke Weaver. Mu June Weaver anapweteka nchafu, Williams nabwerera. Pa 31 July anatenga David Bednar ku Pittsburgh, ndipo ndiye anatsala ndi citseko. Coseketsa ndi cakuti Bednar ameneyu kumayambiriro kwa April anali atamtsitsa ku timu yaing'ono cifukwa ca kuponya koipa, ndipo ambiri a papepala anamtaya ngati cisanza. Akuru anati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Amene agula wotseka adziwe kuti wagula mpando, ndipo mpandowo ndi wa mwini.

Cina cimene cindidabwitsa ndi ukali umene eni a papepala aonetsa kwa manijala amene akana kuchula wotseka mmodzi. Manijala akanena kuti adzaona tsiku ndi tsiku amene ayenera, iwo amucha wosokoneza, wosadziwa cimene afuna. Pano ine ndiri ku mbali ya manijala. Masewera ambiri atayika mu cigawo ca 7 kapena ca 8, pamene anthu awiri ali kale pa malo ndipo omenya oopsa ndiwo alikudza. Kodi ndi nzeru kusunga woponya wako wopambana onse kuti adzakomane ndi omenya ofooka mu cigawo ca 9, zigoli 3 ziri kale m'thumba? Pa 4 October 2016 Baltimore Orioles inakomana ndi Toronto Blue Jays pa masewera amene wogonja anayenera kupita kwao. Baltimore inali ndi Zack Britton, amene caka cimeneco anapatsidwa mwai wa save 47 nasunga yonse 47. Zigoli zinali 2 kwa 2, masewera napitirira cigawo ca 9, ndipo manijala Buck Showalter anamsunga Britton alikudikira kuti timu iyambe yakhala patsogolo. Mu cigawo ca 11 Edwin Encarnación anamenya home run pa mpira wa Ubaldo Jiménez, masewera natha 5 kwa 2, Britton ali cikhalire m'khola, osaponya mpira ndi umodzi womwe. Mwezi womwewo Terry Francona wa ku Cleveland anali kuitana Andrew Miller pali ponse pamene moto wabuka, ngakhale mu cigawo ca 5, ndipo timu yace inafika mpaka pa masewera a 7 a World Series. Manijala alipidwa kuti apambane pa bwalo. Kwa munthu amene ali pa kama ndi lamya m'manja alibe naye ngongole iri yonse.

Koma ndinene zoona, si eni a papepala okha amene save yawamanga goli. Osewera eni ace aifuna, pakuti malipiro atsata ciwerengero. Mu February 2017 Dellin Betances wa Yankees, amene anali atasankhidwa zaka zitatu zotsatana pakati pa osewera opambana, anapempha madola 5 miliyoni pa bwalo loweruza za malipiro, ndipo anagonja napatsidwa 3 miliyoni. Mkuru wa timuyo, Randy Levine, anamseka poyera, nanena kuti Betances kufuna malipiro a wotseka kuli ngati iye kudzicha woyenda m'mlengalenga. Colakwa ca Betances cinali cakuti nchito yace yaikuru inali mu cigawo ca 8. Cotero woponya akadandaula kuti amcotsa pa cigawo ca 9 ine ndimva naye cisoni, pakuti ndi cakudya ca ana ace. Dandaulo la mwini wa papepala ndilo sindilimva.

Tsono za kuvulala. Timu iri yonse iloledwa osewera 26, ndipo wovulala amuika pa mndandanda wa padera kuti wina alowe m'malo mwace. Mndandandawu kale unali kuchedwa disabled list, koma mu 2019 anausintha dzina kukhala injured list. Womenya akhalapo masiku osacepera 10, woponya masiku 15, wovulala kwambiri masiku 60, ndipo wogunda mutu masiku 7. Matimu sakonda kuulula zonse, cotero eni a papepala asanduka oombeza ula, alikusanthula liu liri lonse la manijala. Mau amene awaopa kopambana ndi akuti woponya alikumva kumangika m'mkono, pakuti kawirikawiri pambuyo pace pamveka za cigongono. M'kati mwa cigongono muli kamtsempha kakang'ono kamene kasenza katundu yense wa kuponya. Kakaduka, dotolo atenga mtsempha pena m'thupi nauika m'malo mwace. Woyamba kucitidwa opareshoni imeneyi anali Tommy John mu 1974, m'manja mwa Dr. Frank Jobe, ndipo icedwabe ndi dzina lace. John anabwerera mu 1976, napambana masewera ena 164, naponya kufikira 1989. Koma kucira kwace kutenga caka ndi miyezi, ndipo si onse abwerera monga anali.

M'masiku oyamba a April 2024 mbiri zinagwa motsatana: Eury Pérez wa Miami, Shane Bieber wa Cleveland, Spencer Strider wa Atlanta, onse cigongono, onse caka catha. Pa 26 May Ronald Acuña Jr., amene mu 2023 anamenya ma home run 41 naba malo 73, ndipo anali woyamba kusankhidwa m'magulu ambiri a papepala, anaduka mtsempha wa bondo la kumanzere ku Pittsburgh, atacira kale la kumanja limene linaduka mu 2021. Mvula ikakuona litsiro siikata. Pa nthawi zotere mumva eni a papepala alikunena kuti osewera a masiku ano ndi ofooka, ndi kuti uje wawaononga caka cao. Ine ndifunsa: caka ca yani? Munthu wa zaka 26 wagona pa gome la dotolo kaciwiri, adzaphunziranso kuyenda ndi ndodo, ndipo wina amene wangotaya malo pa mndandanda wa mabwenzi ndiye alira kuti waonongedwa! Mu December 2024 Major League Baseball inaturutsa lipoti, itafunsa anthu oposa 200, ndipo cifukwa cacikuru cimene anachula ca kuvulala kwa oponya ndico kufunafuna liwiro ndi kupotoza mpira ndi mphamvu zonse pa kuponya kuli konse. Ambiri tsopano afika mamailosi 100 pa ora. Liwiro limenelo ndilo ligwetsa omenya, ndipo kugwetsa omenya ndiko eni a papepala agula ndi mtengo wapatali. Tiombera m'manja cinthu cimene cidula cigongono, ndipo cikaduka titukwana mwini cigongono.

Kumene njira imeneyi ifikitsa kwaoneka kale. Liam Hendriks, mbadwa ya ku Australia, anali wotseka wa Chicago White Sox pamene analengeza mu January 2023 kuti ali ndi khansa. Anacira nabwerera pa 29 May, koma ataponya masewera 5 okha cigongono cinakana, ndipo mu August anacitidwa opareshoni. Mu May 2025, ali ku Boston, anaulula kuti anthu alikumtumizira mau onena kuti bwenzi atangofa nayo khansayo. Mwezi womwewo Lance McCullers Jr. wa Houston, amene anali atangobwerera atakhala zaka ziwiri osaponya, analandira mau oopseza ana ace cifukwa ca kuponya koipa tsiku limodzi. Apolisi anapeza kuti anali munthu wa ku dziko lina, woledzera, amene anataya ndalama pa juga. Ndivomera kuti ambiri a amene acita zonyansazi ndi ochova juga, amene anacuruka bwalo lalikuru la milandu la United States litacotsa ciletso mu 2018, ndipo mwini timu wa papepala wamba sangatumize mau otere. Koma muzu ndi umodzi, ndiwo kuganiza kuti munthu amene sunamuone n'kale lonse ali nawe ngongole cifukwa unalemba dzina lace. Woledzera uja anangoyenda kutali pa njira imene wodandaula wamba waponda kale phazi limodzi.

Pali mbiri zina zimene mkwiyo wa eni a papepala uli wolungama, ndipo ndiyenera kuwayamikira. Iwo ayang'anitsitsa anyamata a m'matimu ang'ono kuposa anthu ena onse, cotero aona msanga timu ikamacita cinyengo. Mu 2015 Kris Bryant anamenya ma home run 9 pa masewera okonzekera, koma Chicago Cubs inamtumiza ku Iowa, nimuitana pa 17 April. Cifukwa cace cinali ca masamu. Masiku 172 ndiwo awerengedwa caka cathunthu ca nchito, ndipo wosewera amasuka kupita kumene afuna akatha zaka 6. Bryant anatha caka cimeneco ali ndi masiku 171, cotero timu inamsunga caka cina conse cifukwa ca tsiku limodzi. Anakasuma, nagonja mu January 2020. Pangano la 2022 ndilo linaika mphoto kwa timu imene iyamba caka ndi mnyamata wace waluso. Pa nkhani imeneyi cimene wa papepala anafuna cinali comwe wosewera anafuna, ndipo phokoso lao linali ndi pace.

Inu aphunzitsi athu, kapena mulikuganiza kuti zonsezi ndi kutaya nthawi, ndipo mankhwala ace ndi kulanda lamya. Ndipempha mwaulemu kuti muyambe mwaona masamu amene ali m'menemu. Kuti munthu adziwe ERA ya woponya, atenga zigoli zowerengedwa pa iye, acurukitsa ndi 9, nagawa ndi zigawo zimene waponya. Britton mu 2016 analola zigoli 4 zotere m'zigawo 67. 4 kucurukitsa ndi 9 ndi 36, ndipo 36 kugawa ndi 67 ndi 0.54. Okrent mwini anapanga muyeso wina wochedwa WHIP, umene lero uli m'mabuku a mpira. Mnyamata amene athawa madesimo m'kalasi angawacite ndi cimwemwe akakhala a timu yace. Masewerawa aphunzitsanso kuti zimene zacitika masiku atatu sizikwanira kuweruzira munthu, phunziro limene eni ambiri alidziwa pakamwa naliiwala usiku umene wotseka wao wataya masewera.

Cimene ine ndikadakonza ndi malamulo a magulu, pakuti malamulo oipa ndiwo abala afisi. Alipo muyeso wina wochedwa hold, umene alembera woponya amene alowa timu iri patsogolo pang'ono, nasiyira mnzace zinthu ziri bwino. Magulu ena awerenga save ndi hold pamodzi, ndipo kumeneko wa cigawo ca 8 ali ndi mtengo wace. Palibenso cifukwa ca kupempherera kuti wa cigawo ca 9 agwe, kapena kutukwana manijala amene acita za nzeru. Otsutsa anena kuti potero masewera azizira, pakuti kusaka otseka ndiko kukoma kwace. Ine nditi kusaka kumene kudalira bondo la munthu wina kuzizire ndithu. Ndikadaletsanso lamulo lakuti woyamba kufika ndiye atenga. Masewera a 7 koloko madzulo ku New York kuno ayamba 1 koloko usiku, ndipo a ku California kulikuca, cotero lamulo lotere lipatsa mphoto wosagona ndi wosawerenga. Liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi. Kuli bwino kuti onse apereke mitengo yao mobisa kamodzi pa sabata, Lamulungu madzulo, mitu itazizira ndipo madotolo atanena kale zao.

Ndipo lamulo la malo osungira ovulala lilembedwe momveka caka cisanayambe, pakuti ngakhale osewera eni eni lawayambanitsa. Pa 27 May 2022 ku Cincinnati, masewera asanayambe, Tommy Pham wa Reds anapita kwa Joc Pederson wa San Francisco Giants nammenya khofi pa bwalo. Mlandu wace unali wa gulu la papepala la mpira wina uja wa ku America wonyamula m'manja, limene onse awiri anali kuseweramo caka capitaco. Pederson anali ataika wosewera wovulala pa malo osungira natenga wina, ndipo Pham anati kumeneko ndi kubera, Pederson nati malamulo analola. Pham analetsedwa masewera 3. Anadandaulanso kuti woyang'anira gululo akadauthetsa mlanduwo kale, ndipo woyang'anirayo anali Mike Trout wa Los Angeles Angels, amene anasankhidwa katatu kukhala wosewera wopambana onse mu American League. Atolankhani atamfunsa, Trout anangoti oyang'anira onse amene iye awadziwa anthu amawakuwiza.